Dzino la mwana alivala kachipewa kachitsulo, tsopano mano enawo sakukumana

NaBanda_Area25
Abale ndithandizeni nzeru, usiku wapitawu tulo sindinatione. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7. Mano ake otafunira akumapeto, aja amamera mwana akamayamba Sitandade 1, anatuluka ali ndi mawanga achikasu, ndipo limodzi la m'munsi kumanja linayamba kugumuka lokha ngati choko. Madzi ozizira anasiya kumwa, kutsuka mano inali nkhondo tsiku lililonse. Lachiwiri tinapita kwa adokotala a mano. Anati enamel ya dzinolo, chikuto chake cholimba chakunja, sinakhwime, ndipo analiveka kachipewa kachitsulo. Sanaboole, sanabaye jakisoni. Kuyayamira kuja kwatheratu, pamenepo ndikuyamika. Koma tsopano akatseka pakamwa, dzino lachitsulolo ndi limene likuyamba kugunda, mano a mbali inayo pakutsala kampata. Akuti tsaya likumutopa akamatafuna nyama. Adokotala anati zikhazikika zokha, bambo ake akuti tibwerere akachotse. Alipo amene zinamuonekerapo?

Kambuzi_wa_Ndirande
Kukazula basi. Dzino la mwana likavuta mumachotsa, lina limera. Zipewazo ndi njira yongodyera ndalama zanu.

MphunzitsiWaStd2
Achimwene, limenelo silimeranso. Ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa. Dzino limeneli limatulukira kumbuyo kwa mano aubwana popanda lina kugweduka, ndiye timaliyesa laubwana lomwe. Palibe dzino limene mwana amaponya padenga kuti ili libwere. Limangotuluka mwakachetechete ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo ndi lomwelo mpaka kukalamba.

Kambuzi_wa_Ndirande
Ine anandizula awiri ndili pasukulu, mpaka pano ndikudya kanyenya.

WaManoKuBoma
Mayi NaBanda, ndimagwira ntchito ya mano ndipo ana otere ndimawaona pafupipafupi. Ndifotokoze pang'onopang'ono.

Vutoli madokotala amalitcha MIH, dzina limene linakhazikika mu 2001. Limagwira mano otafunira oyamba okhalitsa, omwe alipo anayi, nthawi zina pamodzi ndi mano akutsogolo. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi 13 kapena 14 ali nalo. Enamel imakhalapo, kuchindikala kwake kuli bwinobwino, koma m'kati mwake ndi yofumbutuka ngati njerwa yosapsa. Dzino likangoyamba kukumana ndi linzake lam'mwamba, imayamba kuswekasweka.

Tsopano za kachipewako. Kuti adokotala akaveke popanda kupala dzino, kachitsuloko kamakhala pamwamba pa dzino mmene lilili, choncho dzinolo limatalikirapo milimita imodzi kapena awiri. N'chifukwa chake likuyamba kugunda. Njira yoveka chonchi inatchuka ndi dokotala wina wa ku Scotland, Norna Hall, ndipo mpaka pano imatchedwa ndi dzina lake. Anaiyambira pa mano aubwana, ndipo ofufuza atatsatira ana ovekedwa chonchi anapeza kuti kalumidwe kamabwerera m'malo pakatha pafupifupi mwezi umodzi. Chimene chimachitika n'chakuti mwana akukula, fupa la nsagwada likadali lofewa kusintha. Dzino lovekedwalo limalowa pang'ono, enawo amatulukirako pang'ono, mpaka onse akumana. Munthu wamkulu sangaziyembekezere mwachangu chotere, koma wa zaka 7 mano ake akuyendabe.

Lero ndi tsiku lachinayi chabe. Musachotse.

NaBanda_Area25
Zikomo adokotala. Nanga tsaya likutopali? Chimene chikuwaopsa bambo ake ndi chimenecho, akuti mwina nsagwada ipindika.

Fizio_wa_Zomba
Ndiyankheko apa poti minofu ndiyo ntchito yanga. Mayi, ikani zala zanu pa tsaya, kutsogolo kwa khutu cha m'munsi, kenako lumani mano mwamphamvu. Chimene chikutukuka pansi pa zalazo ndi mnofu wotchedwa masseter. Sunthani zala muike pa litsipa, lumaninso. Umenewo ndi temporalis. Minofu imeneyi ilipo mbali zonse ziwiri, ndipo pali ina ya m'kati imene imasuntha nsagwada chammbali popera chakudya.

Minofu imeneyi silamula yokha mphamvu yake. Kuzungulira muzu wa dzino lililonse kuli timitsempha timene timauza ubongo kuti apa panikizani, apa lekani. Mukaluma mchenga mu mpunga, nsagwada imaima musanaganize n'komwe. Dzino likakhala lopweteka, uthenga wa "lekani" umapita nthawi zonse, ndiye mwana amathawira mbali imene sikupweteka. Ndikufunseni: chaka chathachi ankatafunira mbali iti?

NaBanda_Area25
Kumanzere kokha. Ngakhale chimanga chokazinga ankachikankhira kumanzere ndi lilime. Ndinkayesa chizolowezi chabe.

Fizio_wa_Zomba
Ndiye onani zimene zachitika. Kwa chaka chathunthu mbali yamanja yakhala ikupewedwa. Lero ululu watha, mwana akuyesa kuigwiritsa ntchito, komanso poimira nsagwada pasintha, ikuyamba kugunda pa dzino limodzi. Minofu ikufunafuna pokhala patsopano. Zili ngati munthu wavala nsapato imodzi yokhala ndi chidendene chachitali, masiku oyamba mwendo umatopa. Kutopa kotere kumachepa tsiku ndi tsiku. Masabata awiri awa mpatseni zofewa, nsima, phala, mbatata, nthochi, nsomba, nyama yofewetsa ndithu. Chingamu ayi. Nzimbe ayi. Madzulo mukhoza kumuthowa tsaya ndi kansalu ka madzi ofunda.

AgogoAkuMchinji
Nzimbe zalakwanji? Ife tinakula tikusenda nzimbe ndi mano, ine zaka 68 mano onse alipo. Ana a masiku ano mano akufooka chifukwa chodya zofewa zokhazokha, yogati ndi mabisiketi.

MphunzitsiWaStd2
Agogo, inu munabadwa ndi mano okhwima, thokozani Mulungu. Dzino lofumbutukali pa nzimbe limangobenthuka. Ndinali ndi mnyamata m'kalasi mwanga, nthawi yopuma anzake akugula mafilizesi iye amangoima patali. Ndinkayesa alibe ndalama, tsiku lina ndinamugulira. Atangoluma anagwira tsaya misozi ili chuchuchu. Phala la kusukulu ankadikira lizizire kaye, ena onse atamaliza. Mwana amene sakutafuna bwino amameza zakudya zosapera kapena amangozisiya, ndipo zimaonekera ngakhale m'kalasi.

AgogoAkuMchinji
Pamenepo ndamva. Koma mabisiketi ndikunenabe.

Mwana_wa_Balaka
Inu mukuzungulira, vuto ndi madzi a pamjigo. Kwathu kuno midzi ina ana onse mano ndi ofiira. Mayiwa afufuze madzi amene mwana amamwa.

NaBanda_Area25
Timamwa a pampopi chibadwire chake.

WaManoKuBoma
Achimwene a ku Balaka, zimene mukunenazo zilipodi, koma ndi matenda ena. Madera ena a Balaka, Machinga, ku Nathenje ndi ku Chigwa cha Shire madzi apansi ali ndi mchere wotchedwa fluoride wochuluka kuposa mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene bungwe la WHO limalangiza. Zikatero mano ambiri amathimbirira, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo mawanga ake alibe malire oonekera bwino, amangomwazika. Kawirikawiri mano otere sayayamira kwambiri. MIH imasankha. Dzino limodzi likhoza kukhala lophwanyikiratu, linzake la mbali inayo lili loyera bwinobwino, m'kamwa mmodzi momwemo. Banga lake limakhala ndi malire ngati mwalijambula, loyera ngati mkaka, lachikasu kapena lofiirira, ndipo likamadera ndiye kuti ndi lofooka kwambiri.

Ndanena izi chifukwa makolo ena akamva za fluoride amamuletsa mwana mankhwala otsukira mano, poti namonso muli fluoride. Mwana wa MIH amawafuna kwambiri kuposa anzake. Onani pa chubu, pakhale mlingo wa fluoride wa 1450 ppm kwa wa zaka 7. Atsuke kawiri patsiku, alavule koma asachukuche ndi madzi. Ngati madzi ozizira akumuyayamiritsa, viikani mswachi m'madzi ofunda.

Mwana_wa_Balaka
Nanga ife a mano ofiirafe atimata chiyani?

MphunzitsiWaStd2
Yambitsani nkhani yanuyanu achimwene, tiyankhana komweko. Apa tithandize mayiwa kaye.

Chemwali_waku_Joni
Ine sindikugwirizana ndi zoti angodikira. Mwana wanga anamumata dzino ngati lomweli ndi zoyera zija amaumitsa ndi kanyale. Titafika kunyumba anati akaluma likumubaya. Anthu anandiuza kuti azolowera. Tinakhala masabata atatu, mwana akudandaula mutu m'litsipa, usiku akukukuta mano. Nditabwerera, dokotala anamulumitsa kapepala kabuluu, panaoneka kadontho kamodzi pamene chomatacho chinatalika. Anapala, mphindi zisanu sizinakwane. Madzulo omwewo mwana anadya nyama. Masabata atatu aja anavutika pachabe chifukwa ndinamvera za "azolowera". Mayi NaBanda bwererani.

Kambuzi_wa_Ndirande
Mwamva? Zomatamatazi mavuto okhaokha.

WaManoKuBoma
Achemwali a ku Joni, munachita bwino kubwerera, ndipo mukanabwerera sabata yoyamba yomwe. Koma nkhani ziwirizi zikusiyana. Chomata choyera chija, composite, chimayenera kufanana ndi kalumidwe mwana asanatsike pampando. Vuto limabwera chifukwa mwana amakhala ndi dzanzi la jakisoni, ukamuuza kuti luma amaluma mokhota, kapepala kaja n'kukunamiza. Kakatsala kansonga kamodzi kotalika, mphamvu yonse ya nsagwada imathera pa kansongako, timitsempha tozungulira muzu timatupa, dzino limapweteka poluma. Kupala n'kosavuta, ndiye palibe chifukwa chodikirira.

Kachipewa kachitsulo kamatalika mwadala, adokotala akudziwa, ndipo kamatalika pamwamba ponse, osati pa kansonga. Kachitsulo kake n'kopyapyala, mukakapala mukabowola. Kukachotsa ndiye kubwezera mwana pa ululu uja.

Chosiyanitsa ndi ichi. Kutopa kwa tsaya ndi kumva ngati pali chinthu m'kamwa, koma zikuchepa, dikirani. Ululu wobaya pa dzino lenilenilo, ululu womudzutsa usiku, nkhama kutupa kapena kutuluka mafinya, kutentha thupi, kulephera kuyasamula, pamenepo musadikire tsiku limene anakupatsani. Ndipo mwezi ndi theka ukatha mano asanakumane, apite akamuonenso.

Chemwali_waku_Joni
Chabwino, koma aimbe foni ngakhale lero awauze adokotalawo. Kufunsa sikulipiritsa.

NaBanda_Area25
Ndaimba. Andifunsa mafunso ofanana ndi amene afunsa a WaManoKuBoma, ati tibwere pakatha masabata anayi pokhapokha zitasintha. Usiku akugona bwino, kutupa palibe.

Pali china chimene chikundidya mumtima. Apongozi anga akuti ndine ndinawononga mano a mwana ndi maswiti komanso tiyi wa shuga wambiri. Ndakhala ndikudziimba mlandu.

WaManoKuBoma
Mayi, chotsani mlandu umenewo. Enamel ya mano amenewa imayamba kuumbika mwana akamabadwa, ndipo imamalizika ali ndi zaka pafupifupi 3, dzino likadali m'kati mwa fupa. Maswiti sangalifikire kumeneko. Linatuluka lili lofooka kale. Zimene ofufuza amazipeza kawirikawiri mwa ana otere ndi kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, kudwaladwala ndi kutentha thupi kwambiri m'zaka zoyambirira, komanso za kumtundu, ndipo nthawi zambiri zimakhala zingapo zophatikizana. Shuga amabwera pambuyo. Dzino likagumuka, zakudya zimakanirira, mwana amaopa kutsuka, kuola kumalowa mwachangu. Ndiye shuga achepe ndithu, koma sindiye anayambitsa.

NaBanda_Area25
Anadwala chibayo ali ndi miyezi 11, tinagonekedwa sabata yathunthu. Ndikuwerenga izi misozi ikulengeza. Ndiwaonetsa apongozi.

MlongoWakuLeeds
Ndikufuna ndinenepo za kuzula, chifukwa a Kambuzi sakulakwitsa kotheratu. Mwana wanga wamwamuna kuno anamuzula onse anayi ali ndi zaka 9. Awiri am'munsi anali ataphwanyika mpaka pafupi ndi nkhama, anawamata katatu zikungogwa. Poyamba ndinakana, ndinati kwathu sitizula mano anayi a mwana nthawi imodzi. Anandionetsa X-ray, n'kundilozera mano otafunira achiwiri, aja amamera pa zaka 12, akadali m'fupa mizu ikungoyamba kumene. Anati tikazula pano, amenewo adzamera akusunthira kutsogolo n'kutenga malo. Lero ali ndi zaka 14. M'mwamba mipata inatsekeka yonse. M'munsi kumanzere kwatsala kampata kakang'ono, akuti mawaya owongolera mano adzamaliza.

Kambuzi_wa_Ndirande
Ndimanena zomwezi. A ku Ulaya omwe akuzula.

MlongoWakuLeeds
Ayi achimwene, werengani bwino. Anadikira chaka ndi theka kuti nthawi ikwane, ndipo m'nthawi yodikirayo anamuveka zipewa zachitsulo ngati za mwana wa NaBanda. Anajambula kaye kuti aone ngati mano olowa m'malo alipo. Zimenezo n'zosiyana ndi kufika pa mzere m'mawa, dzino likupweteka, n'kulizula tsiku lomwelo.

WaManoKuBoma
Mlongo wanena zoona. Nthawi yabwino yozula ngati dzino silingapulumuke imakhala pakati pa zaka 8 ndi 10, X-ray ndiyo imatsimikiza. Mukachedwa, makamaka m'munsi, dzino lachiwiri limangopendekera mu mpatamo osasuntha lonse, zakudya zimakanirira pansi pake. Lam'mwamba likasowa logundana nalo limatsika kufunafuna linzake. Pakapita zaka nsagwada imayenda mozemba mano opendekerawo. Edward Angle, amene anagawa mitundu ya kalumidwe mu 1899, anatenga dzino lotafunira loyamba lija kukhala poyambira poona ngati mano akukumana bwino, ndipo mpaka lero timayang'ana pomwepo.

Kusiya dzino logumuka osalimata nakonso kumasintha kalumidwe, kungoti mwakachetechete. Likamaphwanyika limafupika, lam'mwamba limatsikira pomwepo, ndiye tsiku lodzamata malo oika chomata amakhala atachepa. N'chifukwa china zipewa zimatalika pa ana amene abwera mochedwa.

A Kambuzi, mbali imene anakuzulani ija mumatafunirako?

Kambuzi_wa_Ndirande
Kunena zoona ndimatafunira mbali inayo. Ndipo nsagwada imalira "kha" ndikayasamula.

Bambo_a_Mapasa
Zonsezi n'zabwino kwa inu a m'tauni. Kwathu kuno chipatala chimene tili nacho pafupi mpando wa mano ulipo koma chimene amachita ndi kuzula basi. Akuti zomatira kulibe, magetsi ndi apo ndi apo. Mmodzi mwa mapasa anga dzino lake lili chimodzimodzi, lachikasu, layamba kubenthuka. Transipoti yopita ku chipatala chachikulu ndi ya awiri, kupita ndi kubwera. Nditani? Anthu akundiuza ndiike asipulini pa dzinopo.

Fizio_wa_Zomba
Asipulini pa dzino ayi bambo, amawotcha nkhama. Enanso amaika madzi a batire, chonde musayerekeze.

WaManoKuBoma
Bambo a mapasa, funsani ngati ali ndi glass ionomer. Ndi ufa ndi timadzi, timasakaniza pa kapepala, sizifuna magetsi kapena makina obowolera. Njira yomata ndi zida za m'manja zokha, imene timaitcha ART, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, ndipo inayesedwanso m'sukulu za ku Zimbabwe. Anaipangira malo ngati kwanuko. Pa dzino la MIH imathandiza chifukwa imagwira ngakhale pali chinyontho pang'ono, imatulutsa fluoride, ndipo imatseka poyayamira paja kuti mwana ayambenso kutsuka ndi kutafuna mbali imeneyo. Pa kalumidwe sivuta kwenikweni, imaperepeseka yokha ikatalika pang'ono. Kuipa kwake n'komweko, pa dzino logumuka kwambiri sikhalitsa, mumabwerezabwereza. Koma ikhoza kulisunga dzino mpaka mwana afike msinkhu woti aganize zokhalitsa.

Ngati kulibe, ulendo umodzi wa ku chipatala cha boma kapena chachikulu upangeni pano dzino lisanafike pa mtsempha. Mukanene kuti ndi dzino lokhalitsa ndipo mukufuna limatidwe. Muwauzenso ngati jakisoni sakugwira, chifukwa mano amenewa amavuta kuchita dzanzi, ndipo mwana akamalira ena amayesa ndi mantha chabe pamene akumvadi ululu.

MphunzitsiWaStd2
Zoti madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno n'zodziwika. Sukulu yawo inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya dziko ya za umoyo wa m'kamwa anaikhazikitsa mu 2022. Ine pempho langa n'lakuti aziyendera ana a Sitandade 1 ndi 2, chifukwa ndi pamene manowa amatuluka. Aphunzitsife atationetsa chithunzi cha dzino lotere tikhoza kumawauza makolo msanga.

Bambo_a_Mapasa
Ndipita Lolemba ndikafunse za ufawo. Ndalemba dzina lake papepala.

NaBanda_Area25
Ndabweranso abale, papita masabata asanu. Sabata yachiwiri anasiya kunena za tsaya. Kampata kaja ndinkakayang'ana m'mawa uliwonse akamatsuka mano, kanayamba kuchepa cha m'sabata yachitatu. Dzulo adokotala anamulumitsa kapepala kabuluu, madontho aoneka mbali zonse ziwiri. Bambo ake anapita nawo, anaona okha.

Chimene sichinathe ndi chizolowezi. Akaiwala amakankhirabe chakudya kumanzere. Ndikamukumbutsa amasintha, ndipo akuti sikupweteka, amangoiwala kuti kumanjako kulinso mano. Loweruka anakukuta chimanga chootcha mbali yamanja mpaka kumaliza chitsononkho chonse.

Koma apeza kuti lam'mwamba kumanzere nalo layamba kubenthuka pakona. Ati limenelo silikufuna chipewa, angolimata. Ndimaganiza tidikire atsekere sukulu.

Fizio_wa_Zomba
Chizolowezi cha chaka sichitha mwezi umodzi. Muzimudulira zakudya tizidutswa, aziika kamodzi kumanja kamodzi kumanzere, pa chakudya chimodzi patsiku basi, osamukalipira.

Chemwali_waku_Joni
Pomata lam'mwambalo musachoke asanamulumitse kapepala kaja kawiri, atakhala tsonga osati atagona chagada. Dzanzi likatha mumufunsenso kunyumba.

WaManoKuBoma
Musadikire holide mayi. Kumanzereko ndi kumene kwasenza ntchito yonse chaka chathachi, ndipo pakona pakabenthuka sipachedwa kukula. Pemphani tsiku la sabata yamawa, ngakhale masana akaweruka.

Bambo_a_Mapasa
Kuno ufa uja anali nawo pang'ono, amumata Lachitatu. Dzulo wamwa madzi a mumtsuko osatseka maso. Andiuza ndibwerenso pakatha miyezi itatu akaone ngati chikadalipo.